Masamu anandisandutsa ng'anga kwa apongozi

Anzanga, ine ndine mphunzitsi wa masamu wochokera ku Kitwe, ndipo pakamwa panga sipatseka. Ndiye tsiku limene Nelia ananditengera koyamba kwa makolo ake ku Jumbe, ndinati ndiwaonetse kuti mwana wawo wapeza mwamuna wamutu.

Bambo ake, a Sakala, ndi mkulu wa mpingo, munthu wosaseka wamba. Titatha kudya ndinawapempha kuti aganize nambala iliyonse ya m'mahandiredi, ailembe kawiri motsatizana pafoni, ine nditawafulatira. Iwo analemba 538538.

"Atate, gawani na seveni, sipazatsala kanthu," ndinatero, maso ali kunkhokwe. Sipanatsaledi. Yankholo agawe ndi 11, chimodzimodzi. Agawenso ndi 13, n'kutulukira 538 yawo yomwe ija! M'malo mosiyira pomwepo, ndinabwereza ndi amalume ake a Nelia, kenako azakhali ake, uku ndikutsinzina, dzanja lili m'mwamba ngati ndikumva mawu kwinakwake. Kodi ndinkaganiza chiyani ine?

Nkhani inamveka msanga kwa anthu apafupi. Posakhalitsa mayi wina woyandikana nawo anafika n'kugwada: "Aticha, mbuzi yanga inasowa pa Sande, mungaoneko kwamene ili?" Kumbuyo kwake bambo wina, akufuna kudziwa ngati njovu zibwererenso m'munda mwake. A Sakala anaimirira nati, "Nelia, mwana wanga sangakwatiwe na ng'anga."

Apa ndinachita mantha enieni, chifukwa Neliayo ndimamukonda osati masewera. Ndinatola kamtengo n'kuyamba kulemba padothi, kufotokoza kuti 7, 11 ndi 13 ukazichulukitsa zimapereka 1001, ndipo nambala ya m'mahandiredi ukaichulukitsa ndi 1001 imangodzilemba kawiri, palibe mankhwala apa. Azakhali anakuwa, "Onani, ayamba kuombeza pansi!" Thukuta kamukamu, ndinachulukitsa n'kupeza 1011. Ndinafufuta ndi phazi, ndiyesenso, 991! Amalume anayang'ana pafoni n'kupukusa mutu.

A Sakala anayang'anitsitsa padothipo, kenako anaphulika ndi phwete mpaka misozi. "Iyayi, ng'anga singalephere chonchi. Uyu ni ticha chabe. Nelia, mupatse madzi amwe mwamuna wako."

Ukwati tinamanga, ndipo madalawo pano amandikonda ngati mwana wawo. Koma ndinalumbira, anzanga: masamu anga amathera pakhomo la kalasi. Kwa apongozi ntchito imene ndimaidziwa ndi kusenda mtedza basi.