Nkhondo ya Alamu ndi Kadiso ka Kudenga

Khalani chete, inu omanga ndi inu okhala m'maofesi, ndikuuzeni za chaka choopsa chija chimene malamulo atsopano a zomangamanga anatsika kuchokera kwa akuluakulu, chaka chimene kunalamulidwa kuti nyumba zamalonda zileke kumwa magetsi ngati zidakwa, kuti madenga azikhala oyera, makoma okhuthala, mazenera olowetsa kuwala koma otchinga kutentha, ndiponso kuti getsi lisamayakire chipinda chopanda munthu. Ine ndinalipo, ndinkapaka penti, ndipo zimene ndinaona ndili pamakwerero zimandinyansa mpaka lero.

M'masiku amenewo kunamangidwa nyumba ya nsanjika zitatu, pansi masitolo, pamwamba maofesi. Anaijambula ndi Amayi a Mapulani, Mkazi Wachitsulo, Iwo Oyenda ndi Tepi m'Chikwama, amene sanaonekepo akuseka. Pomvera lamulo anaika makoma agalasi kuti dzuwa lizithandiza mababu, ndipo kudenga kwa chipinda chilichonse anamatako kachipangizo konga diso. Munthu akamasuntha, getsi limayaka. Pakadutsa mphindi zisanu popanda chogwedezeka, limazima lokha.

Tsono mwini nyumbayo anali ndi mlamu, mchimwene wa akazi ake, amene anamupatsa udindo wa Woyang'anira Wamkulu chifukwa pakhonde la kunyumba anali atatopa naye. Amenewa ndiwo Alamu, Njovu ya pa Mpando Wozungulira, Mkango Wobangula Nthawi ya Tiyi, Mgonjetsi wa Mabisiketi. Analowa mu ofesi yawo kutatsala sabata kuti nyumba itsegulidwe, natembenuza mpando wawo wa msana wautali kufulatira galasi loyang'ana m'khonde, kuti tonse tiziona kumbuyo kwa mpando ndi kumanjenjemera poganiza za ntchito yaikulu imene inkachitika kutsogolo kwake.

Koma Lolemba, chakudya chamasana chitakhazikika m'mimba, getsi la mu ofesi ya Alamu linazima. Lachiwiri linazimanso, ndipo amisiri anayamba kukodolana, wina n'kufuula ali pamakwerero kuti, "Lazima! Abwana ali pa msonkhano ndi maloto!" Alamu anamva, ndipo anachita mantha, pakuti ankadziwa kuti mwini nyumba akadzaona mdima umenewo masana, mpando wapita, abwerera pakhonde la achemwali awo.

Nkhondo yoyamba anaimenya okha. Anakwera patebulo ndi mimba yonse namata kadisoko ndi selotepi, koma kadiso kotsekedwa kanaganiza kuti dziko latha, ndipo getsi linakaniratu kuyaka. Anamatula selotepiyo, naitana wamagetsi, namulamula kuti aike swichi ngati ya makolo athu. Wamagetsi, munthu wochenjera amene sakonda kufera za eni, anati, "Bwana, ine ndimangolumikiza mawaya. Kafunseni Amayi."

Lachitatu m'mawa magulu awiri, Alamu ndi Amayi a Mapulani, anakumana m'khonde la nsanjika yachiwiri, pakati pa matumba a simenti ndi zitini zanga za penti. Alamu anawongola tayi yawo yofiira, natukula dzanja ngati akulankhula kwa mitundu ya anthu.

"Mayi inu! Ine ndayang'anira zinthu musanabadwe! Kodi mwamanga nyumba kapena mwamanga kazitape? Munthu wamkulu akamaganiza sagwedezeka! Ndikuti kachotseni kadiso kanuko lero lomwe, apo ayi ndiimbira achemwali anga!"

Amayi a Mapulani anawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku dazi, ngati akuyeza khoma lopindika.

"Bambo, aimbireni. Lachisanu kukubwera insipekita. Akapeza chipinda chimodzi chopanda kadiso sasaina, ndipo akapanda kusaina palibe sitolo itsegulidwe. Mukawafotokozere nokha alamu anu, eni nyumba. Kadisoko sikafuna zambiri, kamangofuna musunthe kamodzi pa mphindi zisanu. Ngakhale kutsegula faelo kumakwana."

"Mukundinyoza?"

"Ayi, ndikukuuzani mmene kamagwirira ntchito. Ikanakhala mikonono yokha, bwenzi getsi likuyaka nyumba yonse."

Haa! Amisiri anaseka mpaka wina anagwetsa chipande. Alamu anaimbadi foni, koma achemwali awo anayankha mokweza moti tonse tinamva: "Achimwene, musandichititse manyazi. Mukachoka pampandopo, pakhonde pano ndaikapo kale maluwa."

Lachinayi Alamu anayesa kumenya nkhondo mwachilungamo. Anakhala maso, akumakweza dzanja mphindi zinayi zilizonse ngati mwana wasukulu wopempha kupita panja. Anapirira mpaka cha m'ma thuu koloko, ndipo ngwazi inagwa, getsi n'kugwa nayo.

Apa m'pamene wamagetsi uja anadzuka ngati mkhalapakati. Anabweretsa fani yozungulira mutu, naiika kutsogolo kwa mpando kumene maso a m'khonde safika, napempha Alamu kuti avule tayi. Anaimangirira pafani, ndipo tayi inayamba kuvina, uku ndi uku, kadiso n'kukhutira kuti m'chipindamo muli munthu wakhama.

"Fani imeneyo imadya magetsi kuposa babu lomwe tikupulumutsalo," anatero Amayi a Mapulani, atagwira m'chiuno. Koma anafufuza m'buku lonse la malamulo osapeza ndime yoletsa tayi, ndipo insipekita ankabwera mawa lake. Anatsonya, navomera.

Mtendere unasainidwa pa thumba la simenti lopanda kanthu. Omanga anaima pamzere atakweza zipande zawo, ine ndinaomba chitini cha penti katatu, ndipo Alamu, khosi lili lamaliseche, analankhula kwa theka la ola za kupambana kwa nzeru pa makina. Tinamwa zoziziritsa kukhosi, iwo anamaliza mabisiketi. Lachisanu insipekita anaona tidiso tonse tili m'malo, nasaina.

Kupambana kunawalowa m'mutu Alamu. Ataona kuti getsi likuyaka akagona, anazindikira kuti lingayakenso iwo ali kwina, ndipo anasiya kubwera. Wamagetsi ankangoyatsa fani m'mawa. Kwa masabata atatu amasitolo ankalipira lendi pa nthawi yake, osesa ankasesa, aliyense akuopa kumbuyo kwa mpando uja, mpaka tsiku lina mwini nyumba analowa kuti akawathokoze alamu ake, napeza tayi ikuvina yokha. Kenako anatifunsa ngati pali chilichonse chimene chalakwika masabata amenewo. Tinamuuza zoona, kuti nyumba sinayendepo bwino chotere.

Alamu atatulukira Lolemba lotsatira anapeza loko wasinthidwa. Sanakangane, pakuti mphamvu zinali zitawathera. Anangopempha ndi mawu otsika kuti awabwezere tayi yawo.

"Pepani alamu," anatero mwini nyumba, akutseka chitseko mosamala. "Ili pa ntchito."