Nyimbo Yanga ya Chikondi pa Ukwati wa Asiyatu

Nkhani iyi ndinalumbira kuti sindidzauza munthu, koma poti ku Nkopola aliyense akuidziwa kale, bola muimve kwa mwiniwakene.

Ndinabadwira ku Namwera, koma ndinakulira ku Joni kumene bambo ankasoka zovala. Pamsewu Chizulu, kusukulu Chingerezi, kunyumba Chichewa. Chiyao cha amayi sindinkachimva olo pang'ono. Koma ndili mwana, m'mawa ambiri amayi ankandidzutsa ndi kanyimbo ka Chiyao, kokoma zedi.

Nditayamba kuimba, kanyimbo kaja ndinakaika gitala ya Chikongo ndi beat ya amapiano. Kanagunda! Pa wayilesi ndinkadzitama kuti, "It's a Yao love song, from my roots." Anyamata a ku Mangochi ogwira ntchito ku Joni akakamva ankaseka mpaka misozi. Ine n'kumati akumbuka kwawo.

Chaka chatha msuweni wanga Asiyatu ankakwatiwa, ndipo amalume, Che Bakali, anandiitana kudzaimba. Phwando linali masana palodge ina ku Nkopola. Ndinafika ndi magalasi akuda, ndili star.

"Nyimbo iyi ndaipereka kwa mkwatibwi wathu," ndinatero pa mic. "Mawu aliwonse akunena za iyeyu!"

Nditangoimba mzere woyamba, holo yonse zii. Ndinati yawakhudza. Ndinapita kukagwada pamaso pa Asiyatu n'kubwereza chorus ndikumuloza. Iye anabisa nkhope mu mpango. Apongozi ake anagwira pakamwa. Shehe anayang'ana kudenga. Mkwati anatembenukira mkazi wake, maso ali tong'o.

Ine osatopa. "Tonse pamodzi! Mulozeni!"

Amalume anadumpha mipando iwiri n'kuzula waya wa sipika.

"Yusufu! Ukudziwa chimene ukuimba?"

"Chikondi, amalume."

"Chikondi chake chiti? Ukuti, 'Dzuka iwe, wakodzanso pogona, tenga bulangete ukayanike!'"

Nyimbo imeneyi ndaiimba m'mizinda itatu, dzanja lili pamtima!

Ndinathawira kuseri kwa khitchini n'kuimbira amayi ku Joni.

"Amayi! Zaka zonsezi osandiuza?"

"Ndikanakuuza bwanji, mwanangu? Unali utaimba kale pa TV, anzanga akundiyamikira."

"Nanga munkandiimbiranji nyimbo yotero?"

"Unkafuna ndikuimbire iti? Iwe unasiya uli Grade Five."

Ndinaiwala kuti mic ija inali idakali m'thumba la jekete, foni ili pa loudspeaker, ndipo amalume anali atangobwezera waya. Holo yonse inaphulika! Dzina la Asiyatu linayera pomwepo, moti apongozi ake analulutira. Langa ndiye musafunse. Mpaka lero ndikatsika minibasi pa boma, a kabaza amakuwa kuti, "Grade Five, tikusiyeni kuti?"

Oimba anzanga, musanajambule nyimbo ya roots, yambani mwafunsa amalume tanthauzo lake.