Njinga ya apongozi ndi uthenga wochedwa

Anzanga, mukandiwona ndikudutsa pa njinga yamoto yofuka utsi ija mumayesa ndine katswiri. Lekani ndidziulule ndekha musanamve kwa anthu a ku Kaporo, chifukwa iwowo akamafotokoza nkhaniyi amathira mchere wambiri.

Ine kwathu ndi ku Dowa, koma ndinakwatiwa kwa Ankhonde, ndipo ntchito yanga ndi ya zaumoyo m'midzi, yoyenda wapansi mpaka zidendene kung'aluka. Pakhomo pomwe ndinatengwapo amasungabe mwambo wakale: mtengwa sayandikana ndi apongozi ake aamuna, sawayang'ana kumaso, salankhula nawo. Makomo ena anasiya, pathu ayi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinausunga mwambowu osaphonya ngakhale tsiku limodzi, ndikangowamva akutsokomola panjira ndinkakhotera m'nthochi. Apongozi aakazi ankandichemerera kutchalitchi kuti Mchewa wawo ngwaulemu kuposa ana obadwira konkuno. Dzina limenelo ndinkalinyadira, sindibisa, ndipo kulitaya ndinkakuopa kuposa malungo.

Tsono kuseri kwa nyumba, m'kashedi kosungira mpunga, munali njinga yakale ya apongozi aamunawo, yaitali miyendo ija ankakwera alangizi a zaulimi, yomwa petulo wosakaniza ndi oyilo. Inafa chaka chomwe madzi anasefukira n'kulowa m'nyumba, nkhuku n'kuisandutsa pogona pawo. Ndinaipempha kudzera kwa apongozi aakazi, yankho n'kubwera njira yomweyo: "Akuti ukaidzutsa ndi yako." Mwamuna wanga, bambo a Lusekelo, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine mumtima ndinati sekani, mwaiwala kuti ndine mwana wa munthu wokonza zigayo. Zoti chigayo ndi njinga n'zosiyana, akanandiuza ndani ine n'kumumvera?

Ndinayamba ndi thanki, munatuluka dzimbiri ndi matope zodzaza chitini. Kabuleta ndinaimasula n'kuitsuka ndi mswachi wa bambo a Lusekelo, mpaka lero amati unabedwa ndi makoswe. Pulagi ndi matayala ndinatuma mayi wina wa geni amene amawoloka pa Songwe. Nditamanga zonse ndinaponda kiki yolizira injini, ndinapondanso, ndinaponda mpaka ntchafu kuuma, njinga imangoti vuu n'kukhala chete.

Apongozi aamuna amakhala kutsogolo kwa nyumba pansi pa mango, sawona kalikonse ka zomwe ndikuchita, koma makutu awo onse anali kushedi. Posakhalitsa ndinangowona apongozi aakazi akuzungulira nyumba pang'onopang'ono, paja bondo lawo limavuta.

"Akuti pikipiki yako sikupuma. Akuti uwone paipi ya utsi."

Ndinamasula paipi ija monyinyirika. Mkati monse mavu anamangamo nyumba zawo zadothi, mudzi wathunthu, ndipo eni mudzi ena anali momwemo. Sabata imeneyo kusikelo ya ana ndinapita ndi diso limodzi.

Loweruka linalo ndinafuna kuwona ngati pulagi ikutulutsa moto. Ndinaigwira ndi dzanja, dzanja lake lonyowa, n'kuuza bambo a Lusekelo kuti aponde kiki. Moto unalipo, anzanga, ndinaumva mpaka m'mano. Ndili pansi ndikupemerera zala, apongozi aakazi anatulukira pakona. "Akuti usagwire pulagi ndi manja." Ndinati ndaga, zikomo, amayi, ndamva.

Kenako inafika nkhani yosakaniza mafuta. Ndinaganiza mwa chipatala, kuti wodwala amene wagona zaka zambiri amafunika zakudya zamafuta, ndiye oyilo ndinathira mosaumira. Ndipo inalira! Ndinavina ndekha m'shedimo ndi sipanala m'manja. Koma utsi wake unakuta khomo lonse, ng'ombe kukhola zinayamba kulira, bulauzi yoyera ya apongozi aakazi yopitira ku chigwirizano cha amayi inasanduka yotuwa ili pachingwe. Anatulukira mu utsimo akutsokomola, bulauzi ili m'manja.

"Akuti sukukazinga mandazi. Izi za bulauzi ndikunena ndine, osati iwo."

Mukuwona vuto langa? Munthu sanaikhudze njingayo, sanaiwone n'komwe, koma chilichonse chomwe wanena chikupezeka choona. Zinayamba kundiwawa. Ndinkafuna pakhale chinthu chimodzi chokha choti ndachitulukira ndekha.

Njinga inkayenda tsopano, koma mwaulesi. Ndinawonera pafoni mzungu wina akusuntha kambale ka kuseri kwa maginito, komwe kamalamula nthawi yomwe pulagi iwombere moto, akuti injini imapeza mphamvu. Nditangoyamba kugogoda maginito, uthenga unafika, ulendo uno pa nthawi yake. "Akuti kambale ako usakasunthe, anakaika okha bwinobwino." Ndinagwada, ndinayankha mwaulemu, atangokhota ine n'kuti tsobola wakale sawawa. Ndinakasuntha, ndipo poti mzungu uja anasuntha pang'ono, ine ndinawonjezera kuti mphamvu ichuluke.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi kunabwera alendo a ku Lupembe, abale a apongozi. Amuna anakhala pansi pa mango, amayi ali kukhitchini ndi mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija, pabwalo atayanika mpunga patenti. Ndinati lero ndi lero, aliyense awone. Ndinakankha njinga kuchoka kushedi maso ali pansi, n'kuiimika kutali ndithu ndi mangowo, italoza kumsewu, msana wanga uli kwa apongozi. Zonse ndinaziwerengera mwaulemu: ndikanyamuka ndizipita ndikutalikirana nawo.

Ndinamanga chitenje pamwamba pa buluku, ndinakwera, ndinaponda kiki. Kiki inandibwezera, kundimenya kuphazi ngati bulu, komabe injini inagwira n'kuyamba kulira. Kaliridwe kake kanali kachilendo pang'ono, ine ndinati ndiyo mphamvu ija imeneyo.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti mainjini a mtundu umenewu, moto ukafulumira kwambiri, amatha kuzungulira mobwerera, n'kumalira bwinobwino ngati palibe cholakwika. Apongozi ankadziwa, ndipo anamva nthawi yomweyo. Koma andikuwire bwanji, pamaso pa alendo, munthu amene sanalankhule naye zaka zisanu ndi chimodzi? Ndinangomva mawu awo kumbuyo akuitana kukhitchini, "Amayi! Amayi, bwerani msanga!" Ine ndinayesa akuwaitana kuti adzawone mtengwa wawo akunyamuka. Ndinawongola khosi, ndinalowetsa giya, ndinawonjezera mafuta kuti a ku Lupembe akasimbe, n'kusiya kilachi.

Msewu unayamba kundithawa.

Poyamba ndinayesa chizungulire. Kenako ndinawona bambo a Lusekelo, amene anaima pambali panga, ali kutsogolo kwanga kukamwa kuli yasa, akucheperachepera. Ndinagwera pathanki, dzanja m'malo mogwira kilachi linapotokola mafuta, mapazi akukwekwereza pansi, ndinalowa patenti ya mpunga, mpunga n'kumwazika bwalo lonse, nkhuku n'kuyamba phwando. Mukufunsa kuti bwanji sindinacheuke kuti ndiwone komwe ndikupita? Ndicheuke ndiwone ndani? Kumbuyoko kunali apongozi. Khosi langa linazolowera zaka zonsezo, linakana lokha kutembenuka.

Alendo ndinangowamva mipando ikugwa. Tayala lakumbuyo linagunda muzu wa mango, njinga inaima pomwepo n'kuzima, koma ine ulendo unapitirira. Ndinatera pa chinthu chofunda, cha mafupa, chonunkhira sopo wa Lamulungu. Nditayang'ana pansi ndinawona nsapato zakuda zomwe ndakhala ndikuzithawa m'njira zaka zonsezi, imodzi uku ina uku, ine ndili pakati.

Ndinali nditakhala pamiyendo pa apongozi anga.

Ndinatsinzina zolimba, ndikudziwa kuti dzina langa lathera pomwepa, mawa nkhani ifika ku Dowa. Kudzuka ndinkafuna, koma chitenje chinakodwa kumpando, kupepesa sindingathe poti sitilankhulana, iwonso sangandiuze kuti choka. Tinangokhala choncho, ine nkhope kumsewu, iwo, akuti, maso m'masamba a mango.

Ndipamene apongozi aakazi anafika, akupuma wefuwefu, chipande chili m'manja. Anaima patsogolo panga, n'kupereka uthenga womwe anaitanidwira.

"Akuti uzimitse. Akuti ikulira chobwerera."

Mlendo wina anayamba kutsokomola, chifuwa chake chokayikitsa. Kenako ndinamva msana wanga ukugwedezeka, ndinayesa apongozi akunjenjemera ndi ukali, kani akulimbana ndi phwete. Analankhula ndi akazi awo m'Chinkhonde, mawu akudukaduka, amayi n'kupukuta misozi ndi chitenje asanandimasulire.

"Akuti mtengwa ngati uyu sanamuwonepo. Akuti ena akanawagunda maso ndi maso, koma iwe ngakhale pa ngozi wabwera chafutambuyo kuti usawayang'ane. Akuti ulemu wako wakwana, njinga ndi yako." Anapumira kaye. "Akutinso ngati wapuma mokwanira, miyendo yawo yachita dzanzi."

Anthu anagwa nazo pansi, bambo a Lusekelo mpaka anakagwira mtengo. Amayi anamasula chitenje changa, ine ndinakwawa n'kuthawira m'nthochi osatsegula maso, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. Mbalagha ya tsiku limenelo ndinadyera komweko, ndipo mpunga ndinatola ndekha masiku awiri.

M'mawa mwa Lolemba ndili kuntchito, apongozi aamuna anakalowa kushedi n'kubwezera kambale kaja m'malo mwake. Mpaka lero sitinalankhulanepo, nkhope yawo sindiidziwa bwino, koma mawondo awo ndingawazindikire pagulu. Kambaleko ndinalumbira kuti sindidzakakhudzanso, ngakhale mzungu wa pafoni atabwera yekha ku Kaporo. Ndipo ndikangomva apongozi akuitana "Amayi!" ine ndili panjinga, sindidikiranso uthenga, ndimazimitsa n'kutsika.