Bauleni ndi Mafupa a Mfumu Mwalawankhondo

Khalani chete ana inu, mwambi uwu unayamba motere. Mtsinje utasefukira, unakokolola manda a Mfumu Mwalawankhondo, mafupa n'kutsala poyera. Anthu anawatolera m'dengu, mlandu n'kubadwa pomwepo. Ana a mlongo wa mfumuyo anati amalume awo akagone m'phanga la kum'mawa kwa dambo. Ana ake obereka anati ayi, bambo awo ndi a phanga la kumadzulo. Anakokerana kukhoti.

Woweruza anapereka dengulo kwa Bauleni, wokumba manda. "Ulisunge mpaka ndigamule. Likasowa fupa limodzi, ndende ndi yako."

Tsono Bauleni anali munthu wosadziwa kukana, ndipo ine anthu otere amandinyansa. Akum'mawa atamuphera nkhuku, anati, "Musadandaule, amalume anu agona kwanu." Akumadzulo atamumwetsa mowa, anati, "Bambo anu ndibwera nawo ndekha."

Tsiku la chigamulo, anasenza dengu kupita kukhoti. Ali pakati pa dambo, kumwamba kunada bii, mvula n'kuyamba. Mabanja onse awiri anali atabisala m'mapanga awo, zikwanje zolambulira zili m'manja.

"Bauleni, thamangira kuno! Nkhuku ija waiwala?"

Anathamangira kum'mawa.

"Iwe! Ulowe m'menemo uone! Mowa wathu usanza lero!"

Anatembenuka. Atayandikira kumadzulo, akum'mawa anatukula zikwanje. Anabwereranso. Uku akamuitana, uko akumuopseza, iye n'kumangozungulira padambo ngati nkhuku yodulidwa mutu, madzi akukwera m'miyendo.

Dengu linali lakale. Litanyowa, linabooka pansi. Mafupa anagwera m'madzi, mtsinje n'kutenga zake.

Kukhoti anafika atanyoweratu, dengu lopanda kanthu lili pamutu. Mabanja onse anamutsatira.

"Mfumu ili kuti?" anafunsa woweruza.

"Bwana, mfumu... yapita kokasamba."

"Ibwera liti?"

"Sinatsanzike, bwana."

Woweruza anavula magalasi. "Panalibe pousa mvula?"

"Panali, bwana. Mapanga awiri."

"Nanga unalowa liti?"

Bauleni anangoyang'ana madzi amene ankadontha m'malaya mwake. Mlandu wa manda unathera pomwepo, poti choika m'manda panalibenso. Apolisi akumutulutsa, woweruza anapukusa mutu nati:

"Mapanga awiri avumbwitsa."