Chambiko pa Rodibuloko ya M'mphuno

Usiku watha ndinalota zoti mukaseka, anzanga, ndikuthamangitsani pakhomo pano. Paja mphuno zangazi zatseka milungu itatu, ndipo a Chikadza otsogolera kwaya anena kuti ndikapitiriza kuimba ngati mbuzi, vesi yanga ya Lamulungu apatsa Esinati woyandikana nane uja. Esinati, abale! Ndiye ndinalota ndakwera minibasi yopita m'mphuno mwanga momwe, kondakitala wake botolo la chambiko.

"Finyanani, amayi," likutero botolo. "Kumbuyoko ndanyamula tizilombo tabwino, tikukagwira ntchito kwanu."

"Tizilombo m'mphuno mwanga? Ine chaka chonse ndakhala ndikupha timeneti ndi makapisozi a pagolosale!"

"Eya, munapha akuba ndi alonda omwe. Nanga pano akulondera ndani?"

Mwadzidzidzi rodibuloko. Bwana wa yunifolomu anatiimitsa, ndiye povula chipewa ndikuona ndi nungu, minga yokhayokha. "Kalata yolowera ili kuti?" Tizilombo tija, taulemu wake, matsache m'manja, tikuti tangobwera kudzasesa. "Kusesa musanachite wekishopu? Kaonekereni ku ofesi."

Ndiye ku ofesiko mamina olekeza m'mawondo, mafayilo akuyandama. Mlembi anali mayi wa magalasi, koma ine ndikufotokoza, iye khosi likungotalika mpaka anasanduka kakowa.

"Mphuno yakumanzere ndi ya dipatimenti ina," anatero. "Ife ndi akumanja, komanso tili pa lanchi."

Chidindo cha patebulo chinayetsemula n'kupepesa kuti nacho chikudikira kalata.

Ine kugwada m'maminamo. "Bwana, Lamulungu ndi mkuja!"

Mwadzidzidzi kapisozi wofiira ndi wakuda, atatchena suti, anandisisita paphewa. "Mayi, mundimwe kawiri kokha, mukapezako bwino mundisiye, monga mwa masiku onse."

Apo ndiye ndinapsa mtima. Ndinalanda tsache kwa kachilombo kena n'kuyamba kusesa ndekha, tinzake tonse pambuyo panga, nungu akuliza wezulo kuti tikuphwanya ndondomeko. Kenaka kampweya kozizira bwino kanayamba kulowa. Ndinatsegula pakamwa, vesi ija n'kutuluka yomveka ngati belu, moti ndinalira ndi chimwemwe.

Ndiye ndinadzidzimuka. Tsache likumvekadi panja, vesi ikumvekanso. Anali Esinati, akusesa pakhomo pake uku akuyeserera vesi yanga, ine mphuno zili gwa.