Tsiku Limene Ndinasita Orange Farm

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, ngakhale mkazi wanga amangoidziwa theka. Lero ndiulula yonse, museke mpaka mukhute, chifukwa chitsiru chake ndine ndemwe.

Munali mu 1991, ku Joni. Nditatha zaka zisanu ndi zitatu ndikuchapa ndi kusita m'nyumba za azungu, ndinapeza ntchito yophika tiyi pakampani ina yojambula mapu. Bwana wake, Mbunu wamimba wosadziwa kuseka, ataona kuti dzanja langa silinjenjemera, anandikhazika pakompyuta. Anati andiyesa mwezi umodzi: ndikakhoza ndikhala opareta wa kompyutayo, ndikalephera ndibwerera kuketulo. Ine tsiku lomwelo kalata ulendo wa ku Ntcheu: "Mwana wanu Samson tsopano ndi injiniya."

Ntchito yake inali yotere. Mapu apepala umawamata ndi selotepi patebulo lamagetsi. Kenako umadina makona anayi ndi kachipangizo konga mbewa, n'kulemba manambala a kona iliyonse, kuti kompyuta idziwe malo enieni amene pepalalo likuimira. Ukatero umatsata mizere ya misewu ndi mapuloti, iyo ikulowa m'kompyuta. Lamulo linali limodzi: pepala likangosuntha, yambiranso makona.

Anandipatsa mapu a chigawo china cha Orange Farm, dera la kunja kwa Joni, kopi imodzi yokhayo. Koma abale, pepala lake! Makwinya okhaokha ngati panagona galu. Amene ankayenda nalo kutchire anali a Idrissa, bambo wa ku Mangochi wonyamula mitengo ya masaveya oyeza malo, ndipo ankalipinda m'thumba la ovolosi.

"A Idrissa, kodi mapuwa mumakulungira zitumbuwa?" ndinawafunsa.

"Achimwene, inu jambulani basi. Pepala la kutchire limatero."

Ndinawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa. Munthu wosadziwa n'komwe poyatsira kompyuta, akulangiza ine!

Lachisanu ndinadina makona anga anayi n'kujambula theka. Koma makwinya aja ankandinyansa zedi. Poweruka ndinamatula mapuwo mwakachetechete, ulendo nawo kuchipinda changa ku Jeppe. Loweruka m'mawa ndinawawaza timadzi, kasitachi pang'ono, simbi yotentha bwino. Anatuluka osalala ngati kolala ya abusa!

Lolemba ndinalawirira n'kuwamata pomwe panali zipsera za selotepi. Zoyambiranso makona? Ndinati zimenezo n'za ophunzira, diso langa silinama. Ndinamaliza theka lotsala ndikuimba mluzu.

Lachitatu bwana anabwera ndi disiki ya masaveya, mmene munali manambala a zikhomo zonse zimene anakhoma kutchire. Anailowetsa kuti zikhomozo zikhale pamwamba pa mizere yanga. Theka loyamba, chikhomo chilichonse pakona ya puloti, ndendende. Theka lachiwiri, mayo ine! Zikhomo pakati pa msewu, mpopi wa anthu onse m'kati mwa puloti ya munthu mmodzi.

"Samson! What's this?"

Wanzeru akanakhala chete. Ine ndinaimirira, n'kukonza tayi.

"Bwana, kompyuta sinama. Problem ndi anthu akutchirewa. Amakhoma zikhomo akusinza!"

Bwana anaitana a Idrissa. "Wena, Idrissa, who put these pegs?"

"Ine ndinagwira mtengo pomwe anandiuza, bwana."

"Kugwira kapena kutsamira?" ndinaponyamo ine, ndikuseka chamumphuno.

Lachinayi gulu lonse analibweza ku Orange Farm kukayezanso. Tsiku lathunthu padzuwa, ine ndili phee pamthunzi, ndikumwa tiyi wophika wina. Anabwerako ali mbuu ndi fumbi, manambala omwe aja, osasintha ngakhale imodzi.

"Ndiye kuti makina awo oyezera ndi skorokoro, chiphakasa chenicheni," ndinatero. "Bwana, muwagulire ena."

Bwana anatenga lula yachitsulo n'kuyeza mapu anga kuchokera kona ina kufika ina. Anayezanso. Pepala linali litafupika! Kenako anawerama, n'kununkhiza. Anakwinya mphuno, kununkhizanso.

"Why does my map smell like my shirt?"

Anamatula selotepi pang'onopang'ono n'kutembenuza pepalalo. Kumbuyo kwake, pakati penipeni, panali chipsera chofiirira cha simbi yanga, ndi timabowo take tomwe. Ndinalakalaka tebulo lija litandimeza.

A Idrissa anayandikira, akupukuta fumbi kumaso, n'kuyang'anitsitsa ngati munthu wogula nsalu.

"Achimwene, kusita kokha mwasita bwino ndithu," anatero mofatsa. "Kungoti anthu a ku Orange Farm mwawachepetsera mapuloti."

Ngakhale Mbunu wosaseka uja, atamumasulira, anagwira mimba mpaka misozi.

Lolemba ndinabwerera kuketulo. Kalata yachiwiri ya ku Ntcheu sindinalembe, ndipo amayi anamwalira akudziwa kuti anabala injiniya. Nditalowa m'khitchini m'mawa umenewo, ndinapeza ovolosi ya a Idrissa itapachikidwa bwinobwino pachitseko, ndi kapepala komata ndi selotepi makona onse anayi:

"A Injiniya, sitachi pang'ono chabe. Isafupike!"

Chichokereni tsiku limenelo, ndikaona makwinya pa chinthu cha eni ake, manja ndimapisa m'thumba.