Galimoto Yofiira ya a Zuze ndi Ng'ombe Zanga Ziwiri

Lolemba

Ndaiona! Ili kuseri kwa nyumba ya a Zuze, pansi pa mtengo wa masawu. Galimoto yofiira ija, ya mipando iwiri, yopanda denga, imene ndinkaitsegulira geti ndi kuipatsa sawatcha zaka zonse ndili mlonda ku esiteti ya nzimbe. Mzungu mwini wake pobwerera kwawo anawasiyira a Zuze, amene anali khukhi wake. Chiisiyireni sinalirepo ngakhale kamodzi.

A Zuze akuti, "Ili pyadidi, ili bwinobwino, achimwene, yangogona." Ndalama sakufuna. Akufuna ng'ombe zanga ziwiri zokoka ngolo, Kapiteni ndi Bulaki.

Zabwino zake:
ndi yofiira;
chiwongolero chake n'chamtengo, chosalala;
galasi lakutsogolo likadali lathunthu;
mudzi uno palibe ali ndi galimoto, ngakhale ahedi a pasukulu.

Zoipa zake sindinazione. Mtima uli mbee.

Lachiwiri

Ndawauza akazi anga, amake Ferista, ali mkati mopeta mapira. Sanasiye kupeta. Mafunso awo:
Thonje tidzaliika pati?
Madzi ndi nkhuni adzatuta ndani?
Dzuwa la Chikwawa lino, munthu wamutu wake n'kugula chinthu chopanda denga?
Nanga kuyendetsa munaphunzira liti?

Funso lomalizali landiwawa. Zoona sinditha, koma ndaonerera mzungu uja akulowa pageti kwa zaka zambiri. Dzanja limodzi pachiwongolero, chigongono panja. Chovuta n'chiyani pamenepo?

Madzulo ndapita kukhola. Bulaki akudya osandilabadira. Kapiteni wandinyambita dzanja monga mwa masiku onse. Ndachokako msanga.

Lachitatu

Kutentha! Ndatenga a Jowaki, makaniko wa mathirakitala ku esiteti, kuti akaione. Atsegula kutsogolo, ayang'ana, avula chipewa, ayang'ananso. Madzi osefukira a chaka chija analowa mpaka mu injini. A Jowaki akuti, "Dothi lili umu mukhoza kudzalamo mbatata."

Zofunika, malinga ndi iwo:
batire;
matayala onse anayi;
mawaya, poti makoswe anadya;
kachitsulo kena kamene kamapezeka ku Halale kokha, ndipo njira yake ndi yotseka chifukwa cha nkhondo.

A Zuze akuti makaniko a mathirakitala sadziwa galimoto za mabwana. Ine ndagwirizana ndi a Zuze.

Mbiri yafika kale paliponse. Pamsika anyamata ogulitsa makadi a chipani andiimika, ndawaonetsa langa lachaka chino. Akuti, "Bwana wa galimoto sayenda ndi khadi limodzi." Ndagula ena awiri, mpando uliwonse lake. Izi ndalemba ndi zilembo zing'onozing'ono.

Komabe andiitana bwana. Zakoma ndithu.

Lachinayi

Sindinagule, koma ntchito yapezeka kale. Apempha malo mpaka pano:
amalume, ulendo wa kuchipatala chifukwa cha bondo;
mwana wa achemwali, ukwati wake mwezi wamawa;
apampando a chipani m'dera lathu, tsiku lililonse la msonkhano;
apongozi a kwa Makhuwira, angoti akufuna kuyendako.

Mpando wa mlendo ndi umodzi! Ndipo apongozi angakhale bwanji phewa ndi phewa ndi mkamwini wawo, anthu akuona? Amake Ferista akuti nditsike ine, ndizithamanga pambuyo.

A Zuze abwera ndi nzeru. Akuti galimoto yogona imadzuka ikakokedwa. Timange tcheni pagoli la ng'ombe, ikayamba kuthamanga ndiponde chopondera chakumanzere n'kuchisiya, basi ilira. Matayala tadzazamo udzu wouma. Poyang'ana goli, a Zuze amusisita Kapiteni pamsana nthawi yaitali, ngati ndi wawo kale. Sizinandisangalatse.

Lachisanu

Tsiku lalikulu! Ndavala jekete la tchalitchi. Thukuta kamukamu, koma munthu sakwera galimoto yotere ndi malaya ong'ambika.

Mpando wake uli pansi zedi, ngati wakhala pamphasa. Kutsogolo ndikungoona michira iwiri. A Zuze atsogolera ng'ombe, tayenda! Udzu ukutuluka m'matayala, akazi a pamjigo atula ndowa, agalu a mudzi wonse ali pambuyo. Ndaponda n'kusiya kanayi konse. Injini zii.

Tadutsa pageti la esiteti. Mlonda watsopano waseka mpaka kugwira mawondo, kenako waongoka, wamenya phazi pansi, sawatcha! Ine chigongono panja, ndangogwedeza mutu pang'ono monga ankachitira mzungu uja. Misozi inatsala pang'ono kutuluka, sindibisa.

Kenako kamtsetse kotsikira mumtsinje wouma. Palibe anandiuza za mabuleki. A Jowaki sanawatchule, a Zuze sanawatchule. Ndaponda zopondera zonse zitatu, galimoto ikungothamangira ng'ombe. Yamugunda Kapiteni mwendo wakumbuyo, wagwada mumchenga. Kulira kwake sindidzakuiwala.

Tamasula tcheni. Ndabwerera wapansi, pang'onopang'ono, Kapiteni akukoka mwendo. Galimoto tangoisiya mumchenga momwemo.

Loweruka

Mwendo watupa. Kapiteni sakudzuka, sakudya. Amake Ferista afunditsa madzi, athiramo mchere, akumuthowa ndi kansalu. Kwa ine sananene liwu ngakhale limodzi. Bola akanalalata.

Ndamusengera madzi pamutu kuchokera kumjigo, ine mwamuna wamkulu, akazi akundilonjera kuti, "Mwaswera bwanji, a dalaivala?"

Masana afika a Zuze. Ayang'ana mkhola, apukusa mutu. Akuti, "Nkhabe, achimwene. Ng'ombe yosayenda ine sindilandira. Muonjezepo mbuzi zitatu."

Yosayenda! Iwo ndiwo anene zimenezo! Munthu wogulitsa chinthu choti chatha zaka chili gone pansi pa masawu, akunyoza nyama imene dzulo lomweli inachikoka kuchoka kwawo mpaka kumtsinje! Ndawauza mawu amene sindingalembe muno. Ndapepesa pambuyo pake, poti ndi akulu kwa ine, koma mbuzi zanga asazione.

Amalume atumiza uthenga kuti bondo lapeza bwino. Mwana wa achemwali akuti ngolo yokongoletsa ndi maluwa ikwanira, ngati idzakhalapo.

Lamulungu

Kutchalitchi wapansi, monga kale. Nyimbo ndaimba, koma maganizo ali kukhola.

Mitambo yada cha kumapiri a Thyolo. Kukagwa mvula kumtundako, mtsinje uja udzaza tsiku limodzi, ndipo galimoto idzayenda yokha mpaka mu Shire. A Zuze andidikira panja pa tchalitchi, chipewa m'manja, akupempha ng'ombe zokaitulutsira mumchenga. Ndawauza kuti Bulaki sakoka yekha, akapemphe thirakitala kwa a Jowaki. Tagwirana chanza. Sindigula.

Zimene ndatsala nazo:
makadi atatu a chipani;
jekete lodetsedwa ndi girisi;
dzina latsopano la dalaivala, limene sindikuona kuti lidzatha.

Pobwerera ndadzera kumtsinje. Ili pomwepo, yofiira, yokongolabe, yopendekeka pang'ono. Sindinakhalemo.

Amake Ferista alankhula tsopano. Andifunsa ngati ndikuifunabe. Ndati ayi. Ndanama pang'ono, ndipo iwo adziwa, koma andiitana kuti ndikaone kukhola. Kapiteni waimirira. Mwendo uja akuuponda pansi mwamantha, n'kuukweza, n'kuupondanso. Ndamupatsa madeya m'manja, wadya onse.